Mayina a mitundu ya anzathu: zoyenera kuphunzitsa ana pakhomo

Mwana saphunzira mayina a mitundu ya anthu m'kalasi. Amawaphunzira akamatumidwa. "Thamanga kwa Mburundi ukagule sopo." "Abambo ako apita kwa Mmwenye kukafunsa mtengo wa malata." "Nkhuku yalowa kumpanda kwa Anguru aja, kaithamangitse." Wotumayo kawirikawiri alibe mangawa ndi munthu, akungolozera malo monga momwe ankamulozera iyenso ali wamng'ono. Koma mayina amenewa sakhala pamodzimodzi. Lina limene agogo ankalitchula osaphethira n'komwe, lero eni ake akalimva mtima umawawira. Lina limene kuno silipweteka munthu likhoza kuchotsetsa mwana wanu ntchito ku Leeds, kapena kumuimika pamaso pa woweruza ku Johannesburg. Ndiye pakhomo pali ntchito. Ntchitoyo si yoloweza mndandanda wa mawu oletsedwa, pakuti pomwe mwanayo azidzamera ndevu mndandandawo udzakhala utasintha kale.

Yambani ndi nkhani ya kwathu konkuno

Mwana mukangomuuza kuti "usamatero" amasiya pamaso panu pokha. Mukamuuza chifukwa chake amasiya ndi kuseri komwe. Ndipo chitsanzo simuchita kukachisaka kutsidya la nyanja.

Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, Alomwe ambiri ankadutsa malire kuchokera ku Mozambique, kuthawa msonkho ndi chibalo cha Apwitikizi, enanso njala. Anafikira ku Mulanje, ku Phalombe, ku Thyolo, ku Chiradzulu ndi ku Zomba, ndipo ambiri anakhala m'minda ya azungu momwe ankagwira thangata. Atsamunda pamodzi ndi anthu omwe anawapeza kuno ankawatchula kuti Anguru. Dzinalo linalowa m'mabuku a boma, ndipo linasenza chipongwe chonse chomwe anthu amachitira munthu wobwera, wopanda munda wakewake, wogwira ntchito imene ena akuikana. Mu 1943 Alomwe anakhazikitsa bungwe lawo motsogozedwa ndi Lewis Bandawe, yemwe anaphunzira ku mishoni ya Blantyre ndipo anagwira nawo ntchito yomasulira Chipangano Chatsopano m'Chilomwe. Chimodzi mwa zomwe anamenyera chinali choti boma lileke kulemba dzina lija, ndipo boma linavomera. Papita zaka zoposa 80. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Alomwe ndi pafupifupi 19 mwa Amalawi 100 alionse, a Mulhako wa Alhomwe amasonkhana ku Chonde chaka ndi chaka, koma dzina lomwe ngakhale atsamunda analifufuta likadali moyo m'makhitchini ena.

Ayao nawo, azungu oyamba monga David Livingstone ankawalemba kuti Ajawa, ndipo ife tili nalo lathu, Achawa, lomwe Ayao ambiri sakondwa nalo. Iwo amati ndi Ayao, basi nkhani yathera pomwepo.

Kuti mwana amvetse bwino, muuzeni za amalume ake. Amalawi ndi zidzukulu zawo ku Zimbabwe akhala akutchulidwa mabhurandaya, manyasarandi kapena mabwidi, ngakhale amene anabadwira komweko ndipo Blantyre sanamuonepo. Ku Joni, mlendo wochokera kumpoto kwa Limpopo amamuti kwerekwere. Funsani mwanayo kuti, "Amalume ako akamawaitana choncho m'basi, ukuganiza amamva bwanji?" Safunikanso ulaliki wina.

Kulikonse njira yake ndi yofanana. Dzina amapereka ndi anthu akunja, makamaka amene ali ndi mphamvu. Kenako limada chifukwa cha nkhanza zomwe otchulidwawo akuchitiridwa. Otchulidwawo akapeza mpata woyankhula, amalikana. Aoromo a ku Ethiopia anakana dzina lakuti Galla. Asami a kumpoto kwa Norway, Sweden ndi Finland anakana lakuti Lapp. Ainuit a ku Canada anakana lakuti Eskimo, mpaka timu ya masewera ya ku Edmonton yomwe inkadziwika ndi dzinali inatenga lina mu 2021.

Koma musaganize kuti dzina latsopano likabwera ndiye kuti zatha. Ku America, bungwe lalikulu lomenyera ufulu wa anthu akuda, la NAACP, linakhazikitsidwa mu 1909, ndipo m'dzina lake muli liwu lakuti Colored, lomwe nthawi imeneyo linali laulemu. Kenako kunabwera lakuti Negro. W. E. B. Du Bois ndi anzake analimbana ndi manyuzipepala kuti azililemba ndi chilembo chachikulu, ndipo New York Times inavomera mu 1930. Martin Luther King analigwiritsa ntchito mobwerezabwereza poyankhula ku Washington mu 1963. Zaka zisanu zisanathe, achinyamata anali atalitaya n'kuyamba kudzitcha Black. Mu 1988 Jesse Jackson analengeza kuti ambiri akufuna kumatchedwa African American. Mu 2016 Barack Obama anasaina lamulo lochotsa mawu akuti Negro ndi Oriental m'malamulo ena a dzikolo, ndipo mu 2020 bungwe la nkhani la Associated Press linayamba kulemba Black ndi chilembo chachikulu. Gogo wobadwa mu 1940 ku Alabama waona mayina anayi, ndipo lililonse linabwera ndi anthu ofuna ulemu. Bwanji nanga silikhalitsa? Chifukwa malaya oyera ukawavalira m'khitchini yofuka utsi sachedwa kuda: tsankho likapanda kutha, dzina latsopanolo nalonso limayamba kununkha chitonzo.

Kodi mtunduwo ukufunikadi?

Chinthu chophweka kwambiri chomwe banja lingachite, ndipo chimachotsa mavuto ochuluka kuposa china chilichonse, ndi kuleka kutchula mtundu pomwe sukufunika. Sabata ino tamverani pakamwa panu mukamatuma ana. Mudzapeza kuti mnansi Mchewa mumamutchula dzina, koma wa mtundu wina mumamutchula mtundu wake.

Tengani "Mburundi" wa golosale uja. Mwayi ndi waukulu kuti si wa ku Burundi. Msasa wa Dzaleka ku Dowa unatsegulidwa mu 1994, ndipo ambiri okhalamo ndi ochokera ku Congo, kenako ku Burundi ndi ku Rwanda. Alipo ena obadwira ku Dowa komweko, Chichewa chawo chosamveka n'komwe kuti ndi cha mlendo. Kuwaunjika onsewo m'dzina limodzi n'kuwauza kuti simunavutike n'kufunsa. Ndiye nenani kuti "golosale ya pafupi ndi mjigo", kapena koposa apo, dziwani dzina la mwini wake. Pamenepa ife tili ndi mwayi, chifukwa chikhalidwe chathu chili kale ndi njira zaulemu zoitanira munthu: pa mfunda wake, aPhiri, aBanda, Nangozo, kapena pa dzina la mwana wake, abambo ake a uje, amayi ake a uje. Ulemu umenewu tisamaumane anthu chifukwa chakuti akuoneka mosiyana nafe. Mutumeni mwana akapereke moni n'kufunsa, "Pepani bambo, amayi amati ndifunse, dzina lanu ndani?" Palibe wagolosale amene angakwiye ndi funso limenelo.

Lakuti Mmwenye ndi lovutirapo. Lili pakamwa pa aliyense, ndipo eni ake ena alibe nalo kanthu. Ena limawawawa, makamaka likanenedwa ndi kamvekedwe kakuti "si mnzathu uyu", pomwe agogo ake anabadwira ku Limbe ndipo chiphaso chake n'chofanana ndi chanu. Chimodzimodzi lakuti mkaladi. Ine ndimaona kuti mawu otere, omwe ena amawalola ena n'kuwakana, ndi bwino mwana asawazolowere poitanira munthu pamaso. Pofotokoza akhoza kunena kuti Mmalawi amene makolo ake anachokera ku India, kapena mnzanga amene bambo ake ndi mzungu. Ndi mawu ataliatali, inde, koma lilime silithyoka.

Ndipo letsani chizolowezi cha ana chothamangira kumsewu n'kumakuwa kuti "Mzungu! Mzungu!" kapena "Tchaina! Tchaina!" Wokuwiridwayo mwina ndi wa ku Japan kapena ku Korea, ndipo ngakhale atakhala wa ku China, munthu sakuwiridwa. Mwana amene akufuna kuti mlendo amuone anene kuti "Moni" kapena "Muli bwanji?" Potero muonjezerepo za anthu achialubino, ngakhale iyi si nkhani ya mtundu. Mayina akale aja, napweri ndi mzungudala, asamvekenso pakhomo panu. A bungwe la anthu achialubino la APAM akhala akupempha zimenezi kwa zaka zambiri, ndipo tonse tikudziwa zoopsa zomwe zinachitika m'dziko muno anthu ataleka kuona anzawowa ngati anthu.

Agogo akalitchula

Apa m'pamene mabanja ambiri amalakwitsa. Mwana wabwera kutchuthi kuchokera kusekondale, wamva agogo akutchula dzina lakale, ndiye pompo, pamaso pa alendo, akuti, "Agogo, zimenezo ndi zatsankho!" Agogo akwiya, amayi achita manyazi, mwana wakalipiridwa chifukwa cha mwano, ndipo phunziro lomwe aliyense watengapo ndi lakuti ana a masiku ano alibe khalidwe. Liwu lija latsala pomwepo.

Kukonza wamkulu ndi ntchito ya wamkulu mnzake, kapena ya mwana wake wamkulu, ndipo imachitikira poduka mphepo. Dikirani alendo apite. Mwina madzulo mukusenda mtedza pakhonde, yambani chonchi:

"Amayi, paja masana munati anthu a kuseriku ndi Anguru. Eni akewotu dzina limeneli amadana nalo kwabasi."

"Aa, ife tinakula tikutero. Ndawatukwana ngati?"

"Ayi, inu simunatukwane, ndipo ndikudziwa kuti mumagwirizana nawo. Koma mdzukulu wanuyu amatola chilichonse chotuluka pakamwa panu. Akakalinena kusukulu akamumenya, kapena aphunzitsi akatiitanitsa. Tiziti Alomwe."

Taonani kuti simunawatche atsankho, ndipo mwawapatsa chifukwa chomwe angachilandire osagwa nkhope: kuteteza mdzukulu. Adzaiwala kangapo. Musawadumphire pakamwa. Ingobwerezani chiganizo chawo mutaikamo dzina loyenera, ngati mukuvomereza: "Eya, Alomwe ajadi akolola bwino chaka chino." Mwanayo mumuuze payekha kuti agogo anakula nthawi ina, sitiwanyoza, komanso sitiwatsanzira pa liwu limeneli.

Wina akamakwera basi kapena ndege

M'bale akamapita kunja timamulangiza za ndalama, za anzake oipa, za kuzizira. Onjezanipo ola limodzi la nkhani iyi, chifukwa Chingerezi chomwe tinaphunzira m'mabuku akale chili ndi misampha.

Wopita ku South Africa adziwe kuti liwu lija loyamba ndi k, lomwe azungu a nthawi ya tsankho ankanyozera anthu akuda, limamangitsa. Mu 2018 khoti linagamula kuti Vicki Momberg akakhale kundende zaka 3, chimodzi n'kuchiimika, chifukwa cholinena maulendo 48 kwa apolisi omwe anabwera kudzamuthandiza atamubera ku Johannesburg. Asalinene ngakhale moseka, ngakhale pofotokoza zomwe wina wanena. Adziwenso kuti liwu lakuti Bantu, lomwe m'mabuku athu limangotanthauza gulu la zilankhulo momwe muli Chichewa, kumeneko limakumbutsa lamulo la maphunziro la 1953 lomwe linakonzedwa kuti mwana wakuda asapite patali. Kutchula munthu choncho n'kumutokosa pachilonda.

Msampha waukulu ndi liwu lakuti Coloured. Ku South Africa lili pa mafomu a kalembera, ndi dzina la anthu pafupifupi 8 mwa 100 alionse, ndipo ambiri ku Cape Town amadzitchula okha choncho monyadira, ngakhale alipo ena olikana. Ku Britain ndi ku America liwu lomwelo ndi lachipongwe. Mu November 2020 Greg Clarke anatula pansi udindo wa wapampando wa bungwe loyendetsa mpira ku England, la FA, atalinena pamaso pa aphungu pokamba za osewera akuda, pamodzi ndi mawu ena omwe anakhumudwitsa anthu. Woimba Tyla, wa ku Johannesburg, atanena kuti iye ndi Coloured, anthu ambiri ku America anamuwukira, a kwawo n'kumuikira kumbuyo. Ndiye mwana amene wakhala zaka ku Joni kenako n'kupeza ntchito ya unamwino ku Manchester ayenera kulisiya liwuli pabwalo la ndege.

Ku Britain, munthu wakuda amatchedwa black popanda vuto. Wa makolo a mitundu iwiri amatchedwa mixed, osati half-caste monga ankalembera kale. Kudula dzina la Pakistani kuti likhale lalifupi ndi kutukwana koopsa, si chidule wamba. Akati Asian kumeneko kawirikawiri amanena anthu a ku India, Pakistan ndi Bangladesh, pomwe ku America amaganiza msanga za China, Japan ndi Korea. Ngakhale chidule chakuti BAME, chomwe chinadzaza mafomu a boma zaka zapitazo, boma la Britain linasiya kuchigwiritsa ntchito mu 2021. Ndipo popeza ambiri athu kumeneko amasamalira okalamba, mumuchenjeze kuti nkhalamba zina zidzamutchula iyeyo mayina akale. Asabwezere. Alembe tsiku, nthawi ndi mawu omwe anenedwa, akauze womuyang'anira, chifukwa lamulo la Equality Act la 2010 limateteza wantchito ku chipongwe cha mtundu.

Zonsezi sangazisunge m'mutu, ndipo zina pofika chaka chamawa zidzakhala zitasuntha. Chomwe angasunge ndi ichi: sabata zoyamba atseke pakamwa, atsegule makutu, amve momwe anthu akudzitchulira okha. Pomwe sakudziwa afunse mnzake wa kuntchito pambali. Paja safunsa anadya phula.

Za m'nyimbo ndi za m'macheza

Mwana wanu adzabwera tsiku lina akuimba nyimbo ya ku America momwe muli liwu lija loyamba ndi n, ndipo mukamuletsa adzati, "Komatu oimbawo ndi akuda, inenso ndine wakuda." Mufotokozereni kuti liwulo ndi lomwe ankaitanira akapolo ndiponso anthu omwe ankawapachika m'mitengo. Ena mwa zidzukulu za akapolowo analilanda n'kumaligwiritsa ntchito pakati pawo, ena amadana nalo mpaka lero, moti a NAACP anachita mwambo woliika m'manda ku Detroit mu 2007. Mkangano umenewo ndi wa eni ake. Mwana wa ku Area 25 kapena ku Ndirande alibe nawo gawo, ndipo akalilemba pa Facebook lidzamudikira tsiku lofunsira ntchito kapena viza.

Adzakufunsaninso za kuseka. Ku Zambia kuli chimbuya, ubale wa nthabwala pakati pa Abemba ndi anthu a kum'mawa monga Angoni: awa amanyoza awo kuti amadya mbewa, awo n'kubwezera kuti inu mumadya anyani, ngakhale pamaliro penipeni, ndipo palibe wokwiya. Koma chimbuya chili ndi eni ake, ndipo onse awiri amaponya. N'chosiyana ndi kunena mnzako wa kumpoto kuti mbwenumbwenu ali yekha pakati pa anthu khumi, iye n'kumangomwetulira poti alibe pothawira. Muyeso wake ndi wosavuta. Kodi wonenedwayo akubwezera momasuka? Kodi mungalinene liwulo pamaso pa apongozi anu atakhala a mtundu umenewo? Nyengo ya chisankho ikafika, gulu la WhatsApp la banja limadzaza ndi zithunzi ndi timawu tonyoza zigawo. Wamkulu mmodzi alembe poyera kuti muno zimenezi ayi, ndipo woyang'anira gululo azifufuta. Ana amawerenga mafoni a makolo awo.

Mabuku akale musawataye. Mwana akapeza natives, Hottentots kapena Bushmen m'buku la mbiri lomwe linali la agogo, muonetseni chaka chomwe linasindikizidwa ndi dziko la wolembayo, ndipo mumufunse kuti akuganiza anthuwo ankadzitchula okha chiyani. Achikhoekhoe sanadzitchepo Hottentot. Koma pomwepo mumuuzenso kuti nthawi zina eni ake samvana okhaokha. Dzina lakuti San, lomwe mabuku atsopano anaika m'malo mwa Bushmen, nalonso linachokera kwa anansi awo ndipo silinali lotamanda, moti ena mwa anthuwa amasankha lakale lija, ena amafuna dzina la fuko lawo lenileni, pomwe ku Botswana amawati Basarwa. M'maiko ambiri a ku Ulaya, Aroma amakana dzina lakuti Gypsy, koma ku Britain alipo ambiri odzitchula choncho. Pa kalembera wa ku America wa 2000, anthu oposa 50,000 analemba okha ndi dzanja lawo kuti ndi Negro. Zikatere mwana atsate munthu amene waima patsogolo pake: akamuuza dzina lomwe akufuna, ndi lomwelo, ndipo asayambe kumuphunzitsa mwini wake zomwe wawerenga pa intaneti.

Likapulumuka

Tsiku lina mwana adzalakwitsa, ndipo mnansi adzabwera kudzadandaula. Musayambe ndi "ndi mwana uyu" kapena "samatanthauza zimenezo". Mpatseni mlendoyo mpando, mumve mawu enieni omwe anenedwa, kenako muitaneni mwanayo apepese yekha, mwachidule: "Pepani, ndinalakwa, sindidzabwerezanso." Kufotokoza kwambiri kuti kwathu timatero kumangokuza mlandu. Mlendo akapita, mufunseni mwanayo komwe analimva liwulo, ndipo mukonzekere kumva kuti analimva pakhomo pomwepo.

Akakhala kuti iye ndiye watchulidwa dzina loipa, musamuuze kuti angozisiya. Mufunseni liwu lenilenilo, amene wanena ndi amene analipo. Ngati zachitika kamodzi pakati pa ana, kambiranani ndi makolo a mnzakeyo. Ngati zikubwerezedwa, kapena wonenayo ndi wamkulu, pitani kwa mphunzitsi wa kalasi, kenako kwa mphunzitsi wamkulu, ndipo mupemphe kuti dandaulo lanu lilembedwe m'buku. Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko la Malawi limaletsa kusala munthu chifukwa cha mtundu, khungu, chilankhulo kapena komwe anachokera, ndipo sukulu ikazengereza nkhaniyo mukhoza kupita nayo ku komiti ya sukulu kapena ku ofesi ya maphunziro ya boma lanu.